Dzina lathu, Pargeter

Lolemba, 10 Novembala
Achimwene Cleophus afika kuchokera ku Toronto, mimba patsogolo. Abweretsa chikalata cha mufulemu, chogula pa intaneti: mkango, chishango, pansi dzina lathu, Pargeter. Akuti ndife mbumba ya mabwana a ku Mangalande. Adadi misozi. Loweruka akukwanitsa zaka 80, abale a mu Barbados monse adzadzaza holo ya tchalitchi, wofotokoza mbiri ya dzinali ndine. "Si iwe unanunkhizako yunivesite usanathawe?" Anatero achimwene, munthu wosamaliza ngakhale nyuzipepala.

Lachitatu, 12 Novembala
Kosungira zolemba zakale. Fumbi, mutu. Tanthauzo la Pargeter: mmisiri wopaka makoma pulasitala. Basi. Mkango palibe. Ndinaseka mpaka mlonda anatembenuka.
Kenako kaundula wa akapolo wa 1817. Mzungu wina Pargeter, kamunda ka nzimbe, anthu asanu ndi anayi. Wachinayi pamndandanda: Benneba, mkazi, zaka 23, wogwira ntchito kumunda. Ndinatsata mabuku a ubatizo, mwana ndi mdzukulu, mpaka agogo a adadi. Benneba ndi gogo wathu; dzinali ndi la mwini wake. Sindinasekenso.

Lachinayi, 13 Novembala
Ndawauza achimwene. "Ukufuna kupha mdala? Mtima wawo ukuudziwa. Ukanene za mkango, Verlene, nzeru zakozo ukadyere kuchipinda." Ine, kunama pamaso pa anthu zana? Koma mapiritsi a adadi ali pawindo, anayi m'mawa uliwonse. Lero adadiwo andifunsa kawiri ngati ndamaliza kulemba.

Loweruka, 15 Novembala, m'mawa
Ndimawamanga tayi adadi. Andiyang'anitsitsa. "Nkhope imeneyo ndi ya kumaliro, mayi. Lavula." Ndalavula zonse, osathira shuga.
Akhala pabedi. Ine maso pachifuwa pawo, kuwerenga mpweya.
"Dzina lake ndani gogoyo?" Ndawauza. Alitchula katatu, pang'onopang'ono, ngati akulawa. "Anaikidwa kuti?" Sindikudziwa. Palibe analemba.
"Ndiye palibe anamulira bwinobwino. Ukamutchule mokweza, akumbuyo amve. Koma anthu ayambe adya kaye. Nkhumba yagulidwa ndi Cleophus, angatilande."
Aseka, akhosomola, ayimirira okha.
Achimwene akuliza hutala panja. Sindinawauze kuti adadi adziwa zonse.