Chidakwa ndi Nkhuku

Lolemba, 13 Meyi

Kodi iwe kope langa, umasunga chinsinsi? Ndalakwitsa chinthu ndipo sindinauze munthu.

Ndimangofuna kupukuta njanji za tisitima tamagetsi ta Agogo Evaristo kugalaja, kuti akamatuluka m'chipatala Loweruka apeze zowala. Ndiye ndinagwira rimoti. Ndinadina pena pake, mndandanda wa manambala a tisitima tonse n'kufufutika.

Kasitima kalikonse kali ndi dekoda, kachipangizo komvera rimoti, m'mimba, ndipo kamamvera nambala yake yokha. Tinato ndatipeza, nambala zake n'zomwe zalembedwa m'mbali. Koma kobiriwira kaja, kapamtima pa Agogo, zii. Magetsi m'njanji alimo. Mawilo ndatsuka. Kangokhala ngati galu amene ukumuitana dzina losakhala lake.

Nambala yake ili m'mutu mwa Agogo basi. Ndipo chichitikireni sitiroko ija, mawu sakutuluka.

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndayesa 1 mpaka 300. Chala chauma. Manambala amafika 9999.

Amalume Nicanor andipeza ndikulira. Sanakalipe. Akuti, "Iwe Ludmila, zochepa izi. Tifufute dekodayo, ibwerere pa nambala 3 ngati yatsopano."

Koma tikatero zonse zipita. Agogo anatha zaka ziwiri akukonza kuti kazinyamuka pang'onopang'ono, ngati sitima yolemedwa ndi nzimbe imene ankayendetsa ali mnyamata. Kulira kwake anasankhanso okha. Dzanja lamanja silikugwira tsopano, sangabwerezenso.

Amalume andipatsa mpaka Lachisanu. Akuti bola koyenda mwachilendo kusiyana n'kongokhala phee.

Lachitatu, 15 Meyi

301 mpaka 720. Palibe. Pa phunziro la masamu ndinasinza.

Lachinayi, 16 Meyi

Kuchipatala. Ndinadikira Amayi atuluke kukatenga madzi otentha opangira tiyi wa masamba a mate, ndiye ndinaulula. Ndinati, "Agogo, nambala ya kobiriwira kaja ndi chani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Milomo ikulimbana. Kenako: "Chidakwa."

Anapuma. "Nkhuku."

Amalume anali kumiyendo kwa bedi. Akuti, "Bambo, milungu itatu osalankhula, mawu oyamba n'kunditukwana? Mowa ndinasiya pa Isitala. Nanga nkhukuyo ndiye ya chani?"

Agogo anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope. Anabwerezanso mawu omwewo, uku akugogoda dzanja langa ndi chala.

Potuluka Amayi anati mutu wawo udakali wosokonekera, tisamawavutitse ndi zidole. Si zidole.

Lachisanu, 17 Meyi

Ndikulemba mothamanga, ukhululuke zilembozi.

M'mawa ndinapita kukagula buledi kwa a Doña Hortensia, aja amagulitsanso matikiti a quiniela, njuga ija ya manambala. Ine kumeneko ndimangoti zikomo n'kuthawa. Koma anafunsa za Agogo, ndiye zonse zinangotuluka, za chidakwa, za nkhuku.

Anavula magalasi. Akuti, "Mwana iwe, kusukuluko amakuphunzitsani chiyani? Chidakwa ndi 14. Nkhuku ndi 25. Ukalota nkhuku umabetcha 25, ndani sadziwa? Agogo akowo zaka makumi atatu sanatchulepo nambala pano. Amangoti ndipatseni kavalo, ndipatseni chipeso."

Buledi ndinamuiwala pa kauntala.

Ndinathamangira kugalaja n'kudina 1425. Nyali ya kutsogolo inayaka. Ndinapotoza rimoti. Osasuntha. Kenako injini inayamba kung'ung'uza pansipansi, n'kumakwera, ndipo kasitima kanasendera pang'ono ngati kakukoka phiri.

Amalume analowa ndi pepala la malangizo ofufutira dekoda. Anaima pakhomo mpaka kanazungulira kawiri. Ndinawafotokozera. Pepala lija analipinda n'kuika m'thumba. Akuti, "Ndiye chidakwacho si ine." Kenako, "Komabe ponena anayang'ana ine."

Anatuluka akusisita m'maso, ati fumbi. Fumbi liti, poti ndinapukuta.

Kusukulu ndinafika mochedwa. Sindikudandaula.

Loweruka, 18 Meyi

Agogo abwera. Aonda, juzi yawo yatsala yaikulu.

Amayi ankafuna akagone kaye, iwo akuloza kugalaja ndi chibwano. Amalume anakankha njinga yawo ya odwala mpaka pa tebulo la njanji. Ndinawaika rimoti m'dzanja lamanzere. Ndinkafuna kuwadinira, anandichotsa chala. Anadina okha, 1, 4, 2, 5, osaphonya. Pakamwa pakukana koma zala zikudziwa.

Kobiriwira kananyamuka mwa ulesi wake uja. Anatseka maso n'kumangomvetsera. Amayi anaima pakhomo ndi supu, mpaka supuyo anazizira.

Ndathawira kuno pang'ono kuti asandione nkhope. Koma ndiyenera kupita tsopano, ngolo imodzi yagwa pokhota paja pamavuta, ndipo Agogo akundiitana. Sakugogoda tebulo ayi. Akuti "Ludmila." Latuluka lonse.