Bulangete pa botolo la gasi

Akundilembera ndi mayi a Fostina, a kuseri kwa nyumba aja.

Agnesi mwana wanga, muli bwanji ku Joniko ndi ana? Ine ndilipo, koma mawondowa.

Ndakulakwira, mayi. Uvuni wa gasi wootchera mbiya unatitumizira uja tinauyatsa m'mawa kukuzizira, titalongamo mitsuko ya anzanga ndi mphika wophikira nyemba unandipempha kuti ndikuumbire uja. Moto utakolera, botolo ndi kachitsulo kapakamwa pake zinayera mbuu, kuzizira ngati aisi, moto n'kuyamba kufooka. Ine chifundo, ndinalifunditsa bulangete la malemu bambo ako ngati mwana wamalungo. Moto unazimiratu. Zonse zinatuluka zosapsa. Mphika wako kungothiramo madzi, unabwerera kudothi.

Wogulitsa gasi pa Namitete anandiseka. Akuti, "Agogo, bulangete limatsekera kuzizirako mkati! Botolo muziliimika m'beseni la madzi ofunda, moto osaukweza kwambiri."

Anzanga sanandikalipire, ndiye n'chimene chikundiwawa. Dongo ndaponda kale, ndiyamba kuumba mitsuko yawo. Mphika wako udikire kaye, usandikwiyire.

Ambuye akusungeni. Ndatopa, lekezani pomwepo mayi a Fostina. Ndipatseni bulangetelo, ine ndiye limandifunditsa.