Khadi Lopsa ndi Nsimbi Yanu

Amayi, kodi kumene muliko mukupumula bwino? Ife kuno ku Glasgow tilipo, kungoti mvula yake siidziwa kukata.

Kumudzi nkwabwino. Mlongo wanga Esnati wachira, mwana wamwamuna, ndipo akuti mphumi ndi yanu yeniyeni. Chimanga ku Chiradzulu achita bwinoko chaka chino, ngakhale anankafumbwe alowa kale m'matumba. Tadala, mdzukulu wanu amene munangomuonera pa foni, wagulula mano awiri akutsogolo. Ndikamuyankhula Chichewa amandibwezera Chingerezi cha kuno, chimene inenso ndimachimva chitadutsa kale.

Koma si zimenezi zandikhazika pansi. Ndachita chinthu chamanyazi, Amayi, ndipo ndikachibisa kwa inu ndiye ndikauza ndani?

Mukukumbukira makhadi aja? Mukamasula belo la kaunjika ku Limbe, simunkayala chovala musanapise m'matumba mwake. "Pisa bwino, Yamikani, azungu amaiwala zinthu," munkatero. Mwa apo ndi apo m'majekete ochokera ku Amereka munkatuluka timakhadi ta anthu ovala zipewa atagwira zibonga. Masewero ake sitinkawadziwa. Inu munkangoti "anyamata ako a zibonga", n'kundisungira. Akakhala opindika munkawasita ndi nsimbi yamakala pamodzi ndi malaya a malonda, poti makwinya munkadana nawo ngati matenda. Tsiku lina nsimbi inatentha kwambiri n'kusiya chipsera pachifuwa pa mnyamata mmodzi, kansonga ka nsimbi kakuonekeratu. Munandipepesa, inu mayi kupepesa mwana, ndipo khadi limenelo ndinalikonda kuposa onse.

Atatu okha ndiwo anapulumuka kwa chiswe, ndipo ndinabwera nawo kuno. Ndinadzamva kuti masewerowo ndi besibo, komanso kuti pali akuluakulu a imvi amene amatolera makhadiwa n'kumasinthana. Mmodzi mwa iwo ndi a Dougie, bambo wopuma pa ntchito yowotcherera zombo ku Govan. Tinadziwana kuchipatala kumene ndimakankha mabedi a odwala. Loweruka ndimapita kwawo, timamwa tiyi n'kuyala makhadi patebulo. Lamulo la otolerawa n'lakuti khadi labwino ndi losakhudzidwa, lonyezimira, lotsekeredwa m'pulasitiki. Ine ndinkangopita ndi ogula kuno, anu aja ndinkawasiya m'chitini cha mabisiketi.

Mwezi watha ndinawatenga. A Dougie anatulutsa galasi lawo lokulitsira zinthu, anasuzumira khadi lopsa lija, n'kuphulika nako kuseka. "Ndani anachita chipongwe chotere? Wasita khadi ngati kolala ya shati!"

Amayi, ndinaseka nawo. Pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Kaya, mbuli ina yake. Ndinagula lili chomwecho." Ndinakutchulani mbuli, inu amene nsimbi yomweyo inandipititsa kusukulu. Sanandikakamize, sanandinyoze, munthuyo ankangoseka khadi. Ine ndinaopa kuti akamva za kaunjika andiona mwa mtundu wina. Pofuna kuti nkhaniyo ithe msanga, ndinawapatsa onse atatu n'kulandira limodzi lonyezimira, la munthu amene sindikumudziwa n'komwe. Mu basi ndinaliyang'ana, mtima uli zii.

Ndikanakhala chete mpaka lero, pakanapanda Tadala. Aphunzitsi awo anati mwana aliyense abwere ndi chinthu chochokera kwa agogo ake. Iye anathamangira ku chitini chija, poti nkhani ya chipsera ndinamuuza kalekale. Anabwerako nacho chili mbee. "Adadi, mnyamata wa agogo ali kuti?" Amake, amene ankadziwa zonse, anangondiyang'ana n'kupitiriza kupinda zovala. Chitenje chanu chinapita kwa Esnati, nsimbi inatsala kumudzi. Mwanayu chinthu chokhacho chimene manja anu anachigwira chinali chimenecho, ndipo atate ake anali atachigulitsa ulemu wabodza.

Loweruka lotsatira ndinagogoda kwa a Dougie. Tiyi sindinamudikire. Ndinati, "Bambo, ndinakunamizani. Anasita khadi lija ndi mayi anga. Ankagulitsa zovala zakale pamsika, ndipo ankafuna kuti mwana wawo akhale ndi zinthu zowongoka." Mkuluyo makutu anafiira. Kenaka anandiuza kuti awiri osapsa aja anawatumiza kale pa positi kwa anzawo akutali, sangabwerenso.

Ndiye anatsegula kabati n'kutulutsa bokosi la makhadi otsalira, aja opanda mwini. "Ili palibe analifuna," anatero, akundipatsa ndi manja awiri. Amayi, chipsera chimene munandipepesera chija n'chimene chinalisunga. Likanakhala losalala bwenzi litapita.

Lonyezimira lija ndinalisiya patebulo pawo. Ndikutuluka anandifunsa dzina lanu. Ndinati anaPhiri. Analibwereza mokhotakhota, koma analitchula chipewa chili m'manja.

Tadala anapita nalo kusukulu. Akuti anaimirira kutsogolo n'kuuza anzake kuti agogo ake ankasita bwino kuposa munthu aliyense ku Malawi, ndipo apa nsimbi inangotentha pang'ono. Mwana wa mano ogululuka ananena pagulu zimene ine ndinalephera kunena pamaso pa munthu mmodzi.

Awiri aja ndinataya, ndipo sindikudziikira kumbuyo. Mundikhululukire, Amayi. Khadi lotsalali sindiliika m'pulasitiki, likhala pamene Tadala angaligwire. Ndipo aliyense wofunsa kuti analiwotcha ndani, ndidzamuuza dzina lanu ndi ntchito yanu, mutu uli m'mwamba.

Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Yamikani