Madzi a Pachitsime Chathu

Bwanje, Ntcheu
14 Juni

Okondedwa bambo a Thoko,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko, ndipo chifuwa chija chinakusiyani. Kuno tilipo. Amayi anu akudandaula mawondo monga mwa masiku onse. Mpunga tinakolola, uli m'nyumba.

Pali nkhani imene pafoni imandikanika, n'chifukwa chake ndalemba.

Kusukulu kwa Thokozile kunabwera galimoto ya zipangizo za sayansi. Akuti imazungulira masekondale akumidzi amene alibe chipinda choyeseramo zinthu. Mwana wanuyu wafika Fomu 3 akungojambula zipangizozo m'kope, ulendo uno anazigwira ndi manja. Anafika pakhomo akusimba, kuseka koyamba chimwalirireni mng'ono wake Atikonda.

Aphunzitsi awo, a Kizito, anapatsa aliyense kabotolo kamankhwala. Anati athiremo madzi amene amamwa kwawo, akasiye masiku awiri. Madzi abwino sasintha, oipa amada.

Thoko anatunga pachitsime chathu, chimene munakumba musanapite, n'kukaika pawindo. Lachitatu m'mawa madziwo anali bii, akununkha ngati dzira lowola. Anandisonyeza. Ine ndinayang'ana, kenaka ndinapitiriza kusesa.

Kusukulu anakafunsa ngati madzi amenewa ndiwo anapha mng'ono wake. A Kizito akuti anamuyankha kuti botolo silinena chimene chinapha mwana, limangonena kuti m'madzimo mukulowa zam'chimbudzi. Anamutuma akayese mtunda wochoka pachimbudzi kufika pachitsime. Anapeza mapazi khumi ndi awiri, chitsime chili kumunsi.

Bambo a Thoko, ndinakuuzani kuti Atikonda anapita ndi malungo. Sanali malungo. Anatsegula m'mimba masiku atatu. Kuchipatala atandifunsa kumene timatunga madzi akumwa, ndinati kumjigo. Ndinanama. Mjigo uli kutali, ndipo nthawi yowokera mpunga ndinkabwera kumunda miyendo itatha, ndiye ndinkangotunga pakhomo pompano. Inunso ndinakubisirani, poti chitsimecho ndi thukuta lanu ndipo pamaliro simunathe kubwera.

Sindikulira. Azimayi akutchalitchi akuti ndine wolimba mtima. Si kulimba ayi, sindikumva kanthu basi. Ndimadzuka, ndimaphika, dzuwa limalowa.

Thoko sanandinene chilichonse. Masiku ano amalawirira kumjigo asanapite kusukulu, ndipo akuti chitsimecho tichikwirire. Amayi anu akukana. Akuti iwo akalamba akumwa madzi otero, ndipo chitsime cha mwana wawo sichingakwiriridwe mwiniwake kulibe, chifukwa cha kabotolo ka ana asukulu.

Dzulo Janeti wa kuseri kuja anabwera kudzatunga, khanda lili kumsana. Ndinamuona ndili pakhonde, koma sindinamuletse. Thoko ndiye anamuthamangira, n'kumulanda chidebe, n'kutaya madziwo pansi. Janeti anachoka akutukwana. Mawa abweranso, kapena abwera wina, ndipo Thoko adzakhala ali m'kalasi.

Chonde, imbirani amayi anu, muwauze ndi pakamwa panu kuti tikwirire. Inu akumverani. Za bodza langa mudzanena mukadzabwera, ndidzakhala pansi n'kumva zonse. Makasu alipo, dothi lilipo, tikungodikira mawu anu.

Mupereke moni kwa achimwene anu a Dyton ndi akunyumba kwawo. Ambuye akusungeni pantchito ndi panjira.

Ndine mkazi wanu,
Lufina