Mapiritsi a m'thumba la jekete

Lachinayi, mwezi wapita kumdima. Mwera tsiku lonse, thupi lolemera.

Bambo a Tadala abwerako kunyanja m'mawa akuyankhula okha, monga ankachitira chaka chatha tisanapite nawo kuchipatala ku Liuli. Pochapa ndapeza mapiritsi awo a matenda a maganizo m'thumba la jekete, osamwa. Ndawafunsa. Akuti, "Dawa imeneyi imandigonetsa. Mukufuna ndigwere m'madzi pamodzi ndi nyali?"

Sakunama. Anauzidwa kuti azimwa usiku pogona, koma msodzi wa usipa usiku ndiye ali pantchito. Ine ndemwe sindinaganizeko.

Alamu anga akuti tiwamangirire kumtengo monga ankachitira ndi agogo awo, apo ayi ndiziwasinjira mu chai mobisa. Ndakana zonse. Ndaimbira anesi pa simu. Ati tipite Lolemba akaonenso nthawi yomwera, nawonjeza kuti, "Mama, womwa ndi iwowo, si inu."

Usiku uno sapita kunyanja. Madzulo ndaika piritsi pambale, madzi pambali, n'kupita kukayanula usipa pathandala. Pobwera ndapeza pambale palibe kanthu.

M'thumba la jekete sindinapisemo.