Kachoso ka pa Alovera

Lolemba, 10 Febuluwale

Phoebe wayankha lero, patatha masiku anayi ali zii. Mawu awiri basi: "Mwandinamizanso, amayi." Ndawerenga ndili ku kiliniki, ndipo mwana amene ndinamubaya katemera pambuyo pake andikhululukire.

Pa nthawi yopuma ndaimbira Angelina, mng'ono wanga amene akumusunga ku Zomba. Nkhani yake ndi iyi. Sabata yatha, posowa chocheza ndi mwana wanga, ndinamulembera kuti kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Oud Metha, mu Dubai, kumabwera kachoso m'mawa uliwonse kudzayamwa maluwa a alovera. P. ali mu kalabu ya zachilengedwe kusukulu, ndiye anafufuza pa foni dzina la choso pa Chingelezi, n'kupeza hummingbird. Lachisanu anakaima pamaso pa anzake kuti amayi ake ku Dubai amadzuka ndi ma hummingbird pawindo. A Lameck, aphunzitsi a kalabu, anati mbalame zimenezo zili ku America kokha. Ana onse kuseka. Pano akumutcha Hamingi.

Chikundiwawa ndi ka "nso" kaja. Khirisimasi ziwiri ndalonjeza kubwera, zonse ziwiri tchuthi chinakanika. Ine ndimati sikunama kumeneko, koma kwa mwana wa zaka 14 kusiyana kwake kulibe.

Ndamulembera kuti ndimutumizira chithunzi cha kachosoko kakuuluka, akawaonetse onsewo. Timizere tabuluu tiwiri tosonyeza kuti wawerenga, yankho ayi.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndayesa ndi foni ndisanapite ku shifiti. Zithunzi 43 za alovera, ndi chimodzi chokhala ndi kadontho kakuda ngati ntchentche yophedwera pagalasi.

Lachinayi, 13 Febuluwale

A Mwamba a kukwaya kwathu, a ku Zambia amene amagwira ntchito m'ndege, andibwereka kamera yawo, fulashi ndi choimikira cha miyendo itatu. Tinakumana pa siteshoni ya sitima ya Metro, iwo akuthamangira ulendo wa ku Manila. Phunziro lonse linatha mphindi khumi, anthu akutigunda ndi zikwama.

"Ba Florah, mapiko ya nyoni siyagwiliwa na shutter, yagwiliwa na flash. Muike pa one-sixteen. Osakweza. Mwamvela?"

Ndinagwedeza mutu ngati wa Folomu 1, koma ndinamva theka. Madzulo ndaonera mavidiyo a azungu a ku America. Mafulashi anayi, timabotolo tofiira ta madzi a shuga, mbalame itaima m'malere ngati yapachikidwa pa ulusi, nthenga iliyonse yowerengeka. Ndaona kuti n'zotheka. Ndimapeza mtsempha pa mkono wa khanda, ndilephere kambalame?

Loweruka, 15 Febuluwale

Ndalephera.

Madzi a shuga ndinaika m'chivindikiro chofiira cha botolo. Zabwera ndi nyerere, mzere wake ngati wa chigayo. Kachoso kabwera 6:40, kadutsa shuga wanga osamuyang'ana n'komwe, katera pa phesi la alovera n'kumamwa katakhala phee, miyendo itagwira. M'mavidiyo muja zimamwa zikuuluka. Aka ndi kaulesi kapena n'kamwano?

Zithunzi zoyamba zimatuluka zakuda, ndiye ndinakweza fulashi mpaka pamapeto. Kuwala kwambiri, chithunzi chabwino, ndi mmene ndinaganizira. Pamene kamanyamuka ndinadina. Thupi likuoneka, mapiko ndi utsi wokhawokha.

Mlonda wathu wa ku Pakistan, amene amathirira maluwawa, anaima ndi payipi yake kundiyang'ana nditagwada pa simenti mu yunifolomu. "Kya, sister? Passport photo for bird?" Ndinaseka, koma mumtima munali mowawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma nkhono siuluka.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Titaweruka ku tchalitchi ndawaonetsa a Mwamba. Za fulashi andiseka kaye. Akuti ukaikweza imayaka nthawi yaitali, mapiko amakupiza kuwala kukadalipo, ndiye amatuluka utsi. Ukaichepetsa imangophethira, ndipo kuphethira kumeneko ndi kumene kumaimitsa mapiko. Mdima umakonzedwa posendeza fulashi pafupi ndi duwa, osati poikweza.

Kenako anakulitsa chithunzi, n'kuchiyang'anitsitsa.

"Manje, ba Florah, aka ni ka sunbird. Purple sunbird, kamuna. Hummingbird kulibe kuno. Ba teacher sibananame."

Ndinati kwathu ndi choso. Anati sakukana, koma ndi mitundu iwiri yosiyana, ngakhale ubale palibe, zimangofanana milomo ndi chakudya. Ndinakhala pa benchi. Ndiye kuti sabata yonse ndakhala ndikuvutikira umboni wotsimikiza kuti a Lameck ananena zoona.

Ataona nkhope yanga anatulutsa foni. "Nili na ma picture ya ku Brazil, nenze pa layover. Hummingbird yeniyeni. Tumani imozi chabe, khalas, nkhani yatha. Ndani azaziba?" Ananditumizira pomwepo. N'kokongola zedi, kobiriwira, mapiko tambasu, kumbuyo kuli masamba osadziwika kuti ndi a dziko liti. Sanatero mwa chinyengo, ndi munthu wachifundo amene ali ndi ana akeake ku Kabwe.

Lolemba, 17 Febuluwale

Cha ku Brazil chikadali mu foni. Sindinatumize, sindinafufute.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Angelina akuti P. wanena kuti Lachisanu sapita ku kalabu, mwinanso asiyiratu. Ati, "Achemwali, chitanipo kanthu, mwanayu akungodzitsekera kuchipinda." Pa nthawi ya nkhomaliro ndinachiika chithunzi cha ku Brazil chija mu meseji, n'kulemba pansi pake kuti "Nachi, mwanangu." Chala chinali pamwamba pa batani. Wodwala atagogoda ndinaika foni m'thumba momwemo.

Tsiku lonse ndimaganiza. Ndikatumiza, P. akaimanso pamaso pa anthu atanyamula mawu anga. Mwina a Lameck angokhala chete. Mwina afunsa kuti duwalo ndi lanji. Koma ngakhale asafunse, ine ndidzakhala ndikudziwa, ndipo tsiku lina P. adzabwera kuno n'kundiuza kuti ndimuonetse. Mpaka lero ndili ndi chinthu chimodzi choimirapo: ndamukhumudwitsa kambiri, koma sindinamuuzepo chinthu ndikudziwa kuti ndi bodza. Ndikachitaya chimenechi nditsala ndi mapasulo a nsapato.

Komanso ndakwiya, ndilembe zoona. Tili ana ku Thondwe kambalame kalikonse ka mlomo wautali koyamwa maluwa kanali choso, ndipo panalibe amene amanama. Mawu athu ndi otakata, a Chingelezi ndi amene ali ndi timipanda. Mwana wanga wagwera pakati pa zinenero ziwiri, ndipo ine ndinali kutali osamugwira.

Ndafufuta meseji ndi chithunzi chomwe ndili mu Metro. A Mwamba ndidzawathokoza bwino.

China. M'mawa ndinasiya kamera m'nyumba, ndinangokhala kuyang'ana. Pali phesi limodzi lopindikira kunja kwa khoma, maluwa ake alendewera, pogwira palibe. Pamenepo kamaima m'malere, kanthawi kochepa ngati kuyetsemula. Masiku onsewa ndimaloza pa maluwa okongola a pakati.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Ndakagwira.

Fulashi yochepetsedwa pa 1/16, pafupi ndi phesi lopindika lija. Kumbuyo ndinapachika chitenje changa chakuda pa chingwe cha zovala. Mlonda anatseka madzi osauzidwa, n'kuima patali. Kanabwera 6:50, kanayamba ndi maluwa a pakati monga mwa nthawi zonse, ine mawondo akuwawa, chala chili pa batani. Katafika pa lopindika ndinadina katatu. Choyamba mchira wokha. Chachitatu duwa lokha.

Chachiwiri ndi chimene. Mlomo uli m'duwa, timiyendo tapindidwa pamimba, mapiko ali m'mwamba, nthenga zatambasuka ngati zala. Nsonga ya phiko limodzi ili ndi kautsi pang'ono, ndipo duwa ladulidwa m'mbali. Koma mtundu! Ndi maso kamaoneka kakuda bii. Fulashi yaonetsa kuti ndi kapepo ndi buluu wonyezimira, pakhosi ngati mafuta atayikira pamadzi. Chaka chachitatu ndikukhala nako pakhomo osadziwa mtundu wake.

Ndatumiza ndi mawu awa: "Aphunzitsi ako ananena zoona. Aka pa Chingelezi ndi sunbird, si hummingbird. Pa Chichewa tonse tiwiri ndi choso, ine ndimadziwa dzina limodzi lomwelo. Pepa kuti anakuseka chifukwa cha ine. Ndajambula ndekha lero, kuseri kwa nyumba. Pepanso za Khirisimasi."

Ku shifiti ndachedwa mphindi 20.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Timizere tabuluu. Zii. Ngati wapita ku kalabu sindikudziwa, ndipo Angelina ndaopa kumufunsa.

Loweruka, 22 Febuluwale

Itakwana 8 koloko m'mawa, kwawo ili 6, foni inalira. Ya vidiyo, pa apu ya Botim. Dzina la P. Sanandiimbirepo yekha chiyambire Novembala.

Moni unali wouma. Kenako anati, "Ndikufuna ndikaone kamoyo. Lozani foni kumaluwako." Ndinatsika masitepe ndi patapata, ndinatembenuza kamera, ndinakhala pa simenti n'kuloza pa phesi lopindika. Ndinamuuza kuti nthawi yake yadutsa, mwina sikabwera. Anati tidikira.

Tinadikira. Iye akuona alovera, ine ndikuona denga la chipinda chake, chifukwa foni anaigoneka pabedi. Ndimamva tambala wa kwa aneba awo ndi Angelina akusesa panja. Mkono unayamba kulema. Anandifunsa za fulashi, ndinafotokoza za kuphethira kuja. Anati a Lameck apempha chithunzicho kuti achimate pakhoma la kalabu, ndipo ati m'phiri la Zomba tilimo tambiri ta mtundu wa sunbird. Za Hamingi akuti dzinalo lakakamira, koma waliyamba kulizolowera.

Kenako anandiitana.

"Amayi."

"Ee."

"Ndinakula. Mu Disembala, pa 20. Ndinawaletsa amayi aang'ono kukuuzani. Ndimafuna ndikuuzeni mutabwera."

Miyezi iwiri. Mwana wanga watha msinkhu, wina anamulangiza, wina anamugulira zofunika, ine ndikutumiza nsapato. Misozi inatsika, ndipo ndinathokoza kuti kamera yaloza kumaluwa. Ndikuganiza kuti nayenso n'chifukwa chake anasankha kuti iloze kumeneko.

Kachoso kanabwera nthawi yomweyo, kanatera pakati, kanamwa, kanapita. Sindikudziwa ngati anakaona. Palibe anakatchula.

Foni sindinaitembenuze. Ndinaigwira ndi manja awiri, ndinati, "Ndikumva, mwanangu. Yamba poyambirira, unali kuti tsiku limenelo?"

Anayamba.