Thabwa la Tebulo Lanu la Mbawa

Amayi,

Kodi kumene muliko mukukhala bwanji? Ndine Lameki. Papita chaka ndi miyezi inayi chikuikireni m'manda, ndipo ino ndi kalata yachitatu imene ndayamba kukulemberani. Ziwiri zoyambazo ndinang'amba chifukwa ndinkangozungulira nkhani. Inonso mundilole ndiyambe ndi zabwino.

Mdzukulu wanu Tadala, mwana wa achemwali Esinati, anachira bwinobwino. Wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Mpunga wa kudambo lanu ku Nkhunga unachita bwino, ngakhale mpheta zinadya mbali ya kumtsinje. Chinangwa ndicho chinavuta, masamba anakwinyika onse. Kuno ku Benga mayi a Chisomo ali bwino, mutu uja unasiya kuwavutitsa. Ine ndikuphunzitsabe sayansi pasukulu yomwe ija, ndipo ndimabwererabe kawiri kukaona ngati ndakhoma chitseko. Paja munkati, "Iwe Lameki, udzaonda ndi nkhawa ya mvula ya chaka chamawa."

Tsopano nkhani ya tebulo.

Pogawa katundu wanu, amalume anagamula kuti tebulo lanu la mbawa, lija munkasitirapo ndi kudulirapo nsalu, ndi la achemwali, poti ndiwo mwana wamkazi wotsala pamudzi. Palibe anatsutsa. Koma nyumba yawo inkadontha, malata asanakhome, ndiye anandipempha kuti ndiwasungire kuno.

Mukudziwa kuti kuyambira ndili ku koleji ndakhala ndikulakalaka gitala yamagetsi yopanga ndekha. Khosi lake, nsambo ndi timaginito totola mawu ndinali nditachotsa kale pa gitala yakufa ya kutchalitchi kwathu. Chinkasowa ndi thabwa la thupi lake, louma, lochindikala, losapindika. Matabwa a masiku ano amagulitsa akadali aawisi. Tebulo lanu linakhala pabalaza panga miyezi isanu, ndipo ndinalipima ndi tepi kanayi, ndikudziuza kuti ndikungofuna kudziwa. Loweruka lina, mayi a Chisomo atapita kumaliro, ndinazula thabwa lapamwamba n'kulicheka. Mawu anu aja akuti chosungitsa sachilawa anandibwerera sowo ili kale pakati pa thabwa.

Achemwali ataimba foni kuti malata akhoma, tebulo libwere, ndinawauza kuti chiswe chadya. Amayi, achemwali analira pafoni. Ankadzidzudzula okha kuti anachedwa kukonza denga. Ine ndinawatonthoza, ndipo ndinawatonthoza bwino kwambiri. Pa zonse, chimenechi ndicho chimandiwawa koposa.

Mbawa ndi mtengo wokongola. Munthu wa mtima woyera akanangopaka vanishi kuti kufiira kwake kuoneke. Ine ndinafuna kulibisa thabwalo, choncho ndinasankha kuti gitalayo iwale ngati kalilole, siliva yekhayekha, munthu asaganize n'komwe kuti pansi pali mtengo. Anthu ndinkawauza kuti ndikufuna iziwala kutsogolo kwa kwaya.

Ndinapita paboma kukafunsa nzeru kwa Che Saidi, amene amawongola ndi kupenta magalimoto. Analisisita thabwalo n'kuseka. "Aphunzitsi, penti wa siliva si bulangete. Sabisa kanthu ameneyu, amachita kuulula. Kamene chala chanu sichikumva, iye adzakaonetsa kwa anthu." Ndinaseka nawo.

Anandiphunzitsa ndondomeko yonse ndipo ndinaitsatira monga ndimatsatira zoyesayesa za mu labu. Mbawa ili ndi timabowo tambirimbiri, ndiye choyamba n'kumata fila wa galimoto kuti titsekeke. Kenako sandipepa, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala ngati tsamba la nthochi, womalizayo womviika m'madzi a sopo. Kenako pulaimala, penti wa maziko uja, n'kukhulanso. Kenako penti wakuda wonyezimira, chifukwa siliva alibe kuwala kwakekwake, amangobwereka kusalala kwa wakuda amene ali pansi pake. Pomaliza siliva, wowaza patali, wopyapyala ngati mpweya wa pakamwa pagalasi, ndipo osamukhudza ndi chala.

Ulendo woyamba mwera unabweretsa fumbi. Ndinakhula zonse n'kuyambiranso. Ulendo wachiwiri penti wakuda anatuluka bwino zedi, koma ndisanapukute ndi manja omwe, nkhungu, tizilombo touluka tija, zinatulukira kuchokera kunyanja n'kutera pa penti wosauma, zambirimbiri, gitala yonse ngati chikondamoyo chogwera mumchenga. Zitatero ndinapachika neti yakale ya udzudzu m'chipinda chosagona munthu, n'kumawaziramo, nsalu ili pamphuno. Ulendo wachitatu ndinawaza vanishi woteteza siliva asanaume mokwanira, ndipo kuwala konse kunazima, gitala n'kukhala ngati sefuliya yakale. Miyezi itatu inatha choncho. Zala zinasupuka. Ana akusukulu ankandifunsa ngati ndayamba kuwotcherera zitsulo.

Ulendo wachinayi zinatheka. Nditaitulutsa panja ndinaonamo mtengo wa mango, waya woyanikira zovala, mpaka khwangwala amene ankadutsa. Sindikubisirani, Amayi, ndinanyadira. Tsiku limenelo ndinaiwala kuti thabwalo linali la yani.

Mukukumbukira chipsera cha simbi chimene chinali patebulopo? Achemwali ali mtsikana anasiya simbi yamakala pathabwa n'kuthamangira kumsewu kukaonera akwati akudutsa. Inu munauza abambo kuti munaiwala ndinu, ndipo nkhani inathera pomwepo. Chipsera chimenecho ndinachipala, ndinamatapo fila, ndinapimapo ndi rula mbali zonse mpaka panalibe pokayikitsa. Koma patapita masabata atatu a dzuwa la Okutobala, fila uja anaphwa pang'ono kuposa thabwa lomuzungulira. Chala sichimva kanthu. Koma ukaipendeketsa padzuwa, simbi yonse imaoneka mu siliva muja, mphuno yake yosongoka ndi kumbuyo kwake kotambalala, kumunsi kwa nsambo.

Ndinazindikira Lachisanu. Lamulungu lake kunali ubatizo wa mwana wa Tadala ku Nkhunga, ndipo achemwali anali atandipempha kale kuti ndikabwere ndi gitala yatsopano ndikaimbire kwaya. Ndinaganiza zonamizira kuti yawonongeka, koma ndinaopa mafunso. Ndinadziuza kuti kachilemako ndikukaona ndine ndekha chifukwa ndimaona zilema paliponse.

Mapemphero atatha, anthu anaunjikana panja kudzadziyang'ana pa gitala. Amayi ena ankakonzerapo maduku awo, anthu n'kumaseka. Achemwali anabwera khanda lili kumsana. "Tabwera nayo kuno tione chimene chakhala chikukubisa miyezi yonseyi." Anaitembenuza padzuwa, akumwetulira. Kenako kumwetulira kuja kunatha. Anaika chikhatho chawo pamalo paja, ndendende mmene munthu amagwirira simbi, n'kukhala choncho kanthawi. Anandibwezera ndi manja awiri, n'kunena motsitsa mawu kuti ena asamve, "Chiswe cha ku Benga n'chophunzira, achimwene. Chinapita ku koleji."

Sanakuwe, sanauze amalume, sanandithamangitse. Chakudya anandipatsira pandekha, atagwada ngati kwa mlendo, n'kumanditchula kuti aphunzitsi. Bola akanandimenya ndi gitalayo. Apa patha masabata anayi, ndikaimba foni amayankha ndi Tadala, n'kunena kuti amayi ali kudimba.

Chikundiopsa n'chakuti chiliza chanu tinapangana kumanga mvula isanagwe. Ana anu tinatsala awiri okha. Sindikudziwa kuti tikaima bwanji pamanda anu, wina uku wina uku, osayang'anana. Inu simunalole kuti ngakhale ndewu ya chinangwa chootcha igone m'nyumba mwanu.

Mayi a Chisomo ndinawaululira zonse titabwerako. Anati ankadabwa kale kuti ndi chiswe chanji chodya thabwa lapamwamba lokha n'kusiya miyendo inayi itamangidwa bwinobwino ndi chingwe kuseri kwa matumba a mpunga. 

Ndayesa njira zonse m'mutu mwanga. Ndinaganiza zokhometsa thabwa latsopano pamiyendo ija, ndipo miyeso yake ndili nayo, koma limenelo silikhala tebulo lanu, likhala bodza lachiwiri. Ndinaganiza zowalembera kalata, poti kulemba ndimatha, koma inu munkati kupepesa kumafuna mapazi. Kawiri konse ndakwera minibasi pa Benga ndi mtima wopita ku Nkhunga. Kawiri konse ndatsikira paboma, n'kugula tomato amene kunyumba analipo kale, n'kubwerera. Bambo wa ana atatu, woimirira pamaso pa kalasi tsiku ndi tsiku, kuopa mlongo wake yemwe anamubereka kumsana.

Tsono ndikulonjezeni ichi, ndipo ndikulemba kuti ndisadzakane. Loweruka lino ndikupita. Mayi a Chisomo avomera kundiperekeza, ndipo ati m'minibasi akhala mbali ya kuchitseko mpaka tidutse paboma. Nditenga miyendo ya tebulo ndi thabwa lomwe. Ndikapempha amalume akhalepo, ndipo ndikanena ndi pakamwa panga kuti ndinadula chinthu chosungitsa, ndinanama, ndipo ndinasiya achemwali akulira mlandu umene sunali wawo. Sindikafotokoza za kuuma kwa mbawa kapena za miyezi imene ndinavutika, ngakhale ndikudziwa kuti lilime langa likafuna kutero.

Chimene achemwali akachite nalo thabwalo n'chawo. Akafuna akalipachike pakhoma, akafuna akapale siliva yense, akafuna akasonkhere moto. Dzulo ndinamasula nsambo, khosi ndi timaginito tonse, chifukwa zanga pamenepo zinali zokhazo. Chotsalacho ndachikulunga m'chitenje, chili pafupi ndi chitseko.

Ngati kumene muliko kuli njira yofewetsera mtima wa munthu, musayambe ndi achemwali. Yambani ndi miyendo yanga.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo kalata ina sindikulemberani ndisanakafike ku Nkhunga.

Ine mwana wanu,
Lameki